Musamuchedwetse Mwana ku Sabata ya Chilangizo

Amayi anzanga, lero ndafuna tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaiyesa ya anthu ophunzira okhaokha, chonsecho gwero lake lili m'nyumba mwathu momwe. Chaka ndi chaka bungwe loona za maphunziro apamwamba la National Council for Higher Education limatulutsa mayina a ana amene asankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede za boma. Tsiku limenelo m'makomo ena a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati mumamveka nthungululu, ndipo tambala amafa ngakhale pakhomo palibe mlendo. Chimwemwe chikaphwa pamafika chidziwitso cha tsiku limene ophunzira atsopano ayenera kukaonekera kusukulu. Kawirikawiri atsopanowa amaitanidwa msanga, maphunziro asanayambe, kuti akhale sabata yathunthu, kwina kuposerapo, akuonetsedwa malo ndi kuuzidwa mwambo wa pamalopo. Eni ake sabata imeneyi amaitcha orientation. Ine pano ndiziitcha sabata ya chilangizo, pakuti imeneyo ndiyo ntchito yake.

Chimene chandichititsa kulemba n'chakuti ndamva amayi angapo, ena pachigayo ena pamsika wa paboma, akuipeputsa sabata imeneyi. Wina amati, "Ngati aphunzitsi sanayambe kuphunzitsa, mwana akukatani kumeneko? Angokatha ndalama za chakudya." Wina amati mwana ayambe wadikira kuti manachesi agulidwe, kapena kuti nandolo aume apite naye kumsika. Winanso amafuna kuti mwanayo ayambe wazungulira mbumba yonse kutsanzika, kuyambira kwa amalume ake ku Thambani mpaka kwa agogo ake ku Neno. Zifukwa zonsezi n'zomveka, ndipo umphawi umene uli kuseri kwake ndimaudziwa bwino. Komabe ndikupemphani, amayi, kuti pa zinthu zonse zimene mungachedwetse, ichi chokha musachichedwetse. Mwana amene waphonya sabata ya chilangizo amayamba ulendo wa zaka zinayi kapena zisanu ali m'mbuyo, ndipo ena mwa ana otere sapezananso ndi anzawo.

Ife amayi apabanja sitifunika kuuzidwa zambiri za ubwino wa chilangizo. Inu amene munapita kuchitengwa mukukumbukira masiku oyamba aja pamudzi wa eni. Kuphika munkadziwa, kusinja ndi kupeta munkadziwa, koma simunkadziwa kumene kuli chitsime, kumene amatola nkhuni popanda kuyambana ndi mwini munda, munthu woyenera kumugwadira ndi munthu woti mungaseke naye. Panafunika mlamu wachifundo kuti akugwireni dzanja n'kukuonetsani zonsezi. Amene anapeza mlamu wotere anakhazikika msanga, pamene amene sanamupeze anaphunzira ndi misozi, akulakwitsa ndi kusekedwa. Chimodzimodzinso namwali: makolo athu sankamulowetsa m'gulu la akulu osamupatsa phungu ndi anamkungwi. Tsono mwana wathu wanzeru uja, amene wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, akafika ku Zomba kapena ku Mzuzu amafanana ndi mtengwa pamudzi wa eni. Nzeru za m'kalasi ali nazo, koma chitsime sakuchidziwa.

Nzeru imeneyi si ya kwathu kuno kokha. M'chaka cha 1909 katswiri wina wa ku Ulaya, Arnold van Gennep, atasanthula miyambo ya mitundu yambiri ya anthu, anaonetsa kuti munthu akamachoka pa msinkhu wina kupita pa wina amadutsa magawo atatu: kulekana ndi moyo wakale, kukhala pakatikati, ndi kulandiridwa m'gulu latsopano. Patapita zaka zambiri mphunzitsi wina wa ku America, Vincent Tinto, anatenga ganizo lomweli pofufuza chifukwa chimene ophunzira amasiyira sukulu za ukachenjede panjira. M'buku lake la mu 1987 anafotokoza kuti gawo lalikulu la osiyawo limasiya m'chaka choyamba, makamaka amene alephera kuzolowerana ndi anzawo, aphunzitsi ndi kachitidwe ka pasukulupo. Mwanayo amakhala kuti kumudzi wachokako koma kusukulu sanalandiridwe. Agogo athu akanamva zimenezi sakanadabwa, pakuti iwo anadziwa kale kuti m'mera mpoyamba.

Mwina wina anena kuti, "Nanga si amalume ake anaphunzira ku Chancellor College? Amulangiza iwowo." N'zoona, ndipo malangizo awo ndi a mtengo wapatali. Koma kumbukirani kuti sukulu zimenezi zasintha kwambiri. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu Blantyre m'chaka cha 1965 inali ndi ophunzira 90 okha, ndipo Chancellor College inasamukira ku Chirunga ku Zomba mu 1973. Kwa zaka zambiri wophunzira ankapeza chipinda, bedi ndi chakudya zili zokonzeratu, boma likulipira. Kuchokera nthawi imeneyo kwabadwa Yunivesite ya Mzuzu, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, LUANAR ya zaulimi ku Bunda, imene inaima payokha mu 2012, ndi MUST ya ku Ndata ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi. Ophunzira tsopano ali zikwizikwi, zipinda zogona sizikwanira, chakudya mwana amadzigulira kapena kudziphikira, ndipo zambiri zimene kale zinkapachikidwa pabolodi la zidziwitso zimadzera pa intaneti. Amalume amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1980 adzamuuza mwana za khama ndi ulemu, koma malamulo a chaka chino ali ndi eni sukulu, ndipo amawanena m'sabata yoyambayo.

Taganiziraninso kumene mwana wathu akuchokera. Ana ambiri a m'boma lino amaphunzira m'sukulu za sekondale zoyendera, kumene mabuku ndi ochepa ndipo kompyuta ena amangoimva. Kumeneko belu limalira, mphunzitsi amaitana mayina, amalemba notsi pabolodi, ndipo mwana akajomba masiku angapo uthenga umafika kwa makolo. Mwana ameneyu akakwera minibasi paboma, kutsetsereka mapiri, kuoloka Shire pa Zalewa, kudzera pa Lirangwe ndi pa Lunzu n'kukatsika mu Blantyre, wayenda mtunda wa makilomita ngati 100 okha, koma wafika kumene zonse anazizolowerazo kulibe. Kumeneko kulibe belu. M'kalasi imodzi mumatha kukhala ophunzira mazana, mphunzitsi sangadziwe dzina la aliyense, amalankhula Chingerezi chothamanga n'kutuluka. Mwana akagona mpaka masana palibe womudzutsa, ndipo akajomba mwezi wathunthu palibe wobwera kudzakuuzani. Sukulu imamuwerengera ngati munthu wamkulu, kotero kuti ngakhale zotsatira za mayeso zimapita kwa iye mwini. Ufulu woterewu ukamugwera mwana mwadzidzidzi, popanda womuchenjeza, umaledzeretsa kuposa kachasu.

Tsono tiyeni tione zimene zimachitika m'sabata imeneyi, kuti tidziwe chimene mwana amataya akachedwa. Choyamba ndi kulembetsa. Dzina kutuluka pa mndandanda sindiko kulowa sukulu. Mwana ayenera kukaonetsa zikalata zake, kulipira gawo la fizi limene sukuluyo imafuna, kupatsidwa nambala ndi chiphaso cha wophunzira, ndi kulembetsa maphunziro amene adzatenge m'chigawo choyamba cha chaka. Apa pamafunika kulangizidwa, pakuti maphunziro ena ndi okakamiza pamene ena ndi osankha, ndipo zimene mwana wasankha chaka choyamba zimatsegula kapena kutseka njira za m'zaka zotsatira. M'sabata ya chilangizo akuluakulu a nthambi iliyonse amakumana ndi ophunzira kuwafotokozera zimenezi. Wochedwa amangofunsa mnzake pakhonde n'kulemba zimene mnzakeyo walemba, osadziwa kumene zikumupititsa. Kumbukiraninso kuti kulembetsako kuli ndi tsiku lotsekera.

Chachiwiri ndi malamulo a mayeso. Ku sekondale mwana anazolowera kuti chimene chimawerengedwa ndi mayeso a MANEB a kumapeto, kotero kuti munthu ankatha kugona Fomu 3 n'kudzuka Fomu 4. Ku yunivesite chaka chimagawidwa pawiri, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mayeso ake. Kuwonjezera apo, ntchito zimene mphunzitsi amapereka mkati mwa chigawocho, zokalembera kunyumba ndi timayeso tapakati, zimaphatikizidwa ndi mayeso omaliza. Wolephera maphunziro ochepa amapatsidwa mwayi wolembanso, koma wolephera ambiri amabwereza kapena kuchotsedwa sukulu kumene. Ophunzira eni ake ali ndi mawu awo onena za munthu wotere, otanthauza kuti wazulidwa monga udzu m'munda. Palinso mlandu umene ana athu ambiri sanaumvepo, wokopera mawu a m'buku kapena a pa intaneti n'kuwapereka ngati ako, osatchula mwini wake. Ku sekondale mwana woloweza notsi liwu ndi liwu ankatamandidwa, koma kuno kuchita zotero pa ntchito yolemba kumawerengedwa ngati kuba, ndipo chilango chake n'chachikulu. Zonsezi zimanenedwa poyera m'sabata yoyamba, ndipo pambuyo pake palibe amene amamvera dandaulo lakuti "sindinadziwe."

Chachitatu ndi laibulale ndi kompyuta. Mwana amene kusukulu kwake mabuku onse ankakwana m'kabati imodzi ya mu ofesi ya ahedi akalowa m'nyumba ya mabuku zikwi zambiri amazunguzika, ndipo ambiri amachita manyazi kufunsa. M'sabata ya chilangizo ogwira ntchito m'laibulale amatenga ophunzira m'timagulu n'kuwaonetsa kafunidwe ka buku, kabwerekedwe kake, ndi kapezedwe ka mabuku ena amene ali pa intaneti. Ophunzira amapatsidwanso dzina ndi mawu achinsinsi olowera pa makina a sukulu, pamene pamaikidwa ndondomeko ya maphunziro, zolemba za aphunzitsi ndi zotsatira za mayeso. Mwana wa m'tauni amene anakula akuseweretsa foni ya bambo ake angathe kuzitulukira yekha zimenezi. Wa ku Kunenekude kapena ku Tulonkhondo afunika womuonetsa, ndipo nthawi imene angafunse popanda womuseka ndi imeneyi, pamene aliyense ali mlendo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chachinayi, chimene chimatikhudza ife makolo kwambiri, ndi ndalama. M'chaka cha 2015 boma linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lopereka ngongole kwa ophunzira osowa kuti alipire fizi ndi kudzisamalira. Ngongole imeneyi sibwera yokha. Imapemphedwa m'nyengo yoikika, pamafunika zikalata, ndipo si onse opempha amene amalandira. Ndi ngongole ndithu, yoyenera kubwezedwa mwana akamaliza maphunziro, kuti ena obwera m'mbuyo adzathandizidwenso. Pasukulu iliyonse pali ofesi ya mkulu woona za umoyo wa ophunzira, imene imadziwa za ngongoleyi, za mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino amene amalipirira ana ovutika, ndi za chochita fizi ikaperewera. Mwana wa mphawi ndiye woyenera kuidziwa ofesi imeneyi tsiku loyamba. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana wa mphawi yemweyo ndiye amachedwa kufika chifukwa chodikira ndalama, n'kuphonya tsiku limene amanena kumene thandizo limapezeka.

Chachisanu ndi pogona. Popeza zipinda za pasukulu n'zochepa, ophunzira ambiri amachita lendi m'madera ozungulira, monga ku Chikanda kwa amene ali ku Zomba. Wofika msanga amayenda masana ndi anzake, kuona nyumba ndi maso, kufunsa za madzi, magetsi ndi chimbudzi, kuyesa chitseko ngati chimakhomeka, ndi kusankha wogona naye. Wofika mochedwa amatola zotsala: chipinda chakutali chimene njira yake imadutsa m'malo amdima, kapena kugona mobisala pa bedi la mnzake. Kulinso akathyali amene amaimba foni n'kunena kuti ali ndi chipinda, mutumiziretu ndalama, mwana n'kukapeza kuti nyumbayo kulibe. Inu mayi amene simungalole mwana wanu wamkazi kugona kwa anansi osawadziwa bwino, musalole kuti akafike mumzinda wachilendo madzulo, maphunziro atayamba kale, asakudziwa kumene akagone.

Chachisanu ndi chimodzi ndi thanzi ndi chitetezo, ndipo apa ndilankhule monga mayi kwa amayi anzake. Mtsikana watsopano pasukulu amaoneka msanga. Amamuona anyamata a m'makalasi apamwamba, amamuonanso abambo a magalimoto amene amazungulira kumeneko madzulo, odziwa bwino kuti mwezi ukafika pakati ndalama ya mwana wa kumudzi imakhala itatha. Nthawi zina womuvutitsa amakhala munthu amene ali ndi mphamvu pa maphunziro ake. Ife kunyumba timamuuza kuti adzisunge, ndipo timachita bwino, koma sitingathe kumuuza khomo loti akagogode zinthu zikafika povuta. Lamulo la dziko lino la Gender Equality Act la mu 2013 limati kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere ndi mlandu, ndipo sukulu za ukachenjede zili ndi njira zolandirira madandaulo otere. M'sabata ya chilangizo ophunzira amauzidwa njirazo, amaonetsedwa chipatala cha pasukulu, amamva za HIV ndi matenda ena opatsirana, ndiponso kumene kuli alangizi othandiza munthu amene maganizo amulemera. Anyamata nawonso ali ndi mbuna zawo: mowa, chamba, ndi njuga ya mpira ya pafoni imene imameza ndalama ya fizi usiku umodzi.

Pali chinthu china chimene sichilembedwa pa ndondomeko ya sabatayo, koma mwina n'choposa zonse, ndicho anzake a mwana. M'masiku oyambawo mwana wa ku Mwanza, wa ku Karonga, wa ku Nsanje ndi wa mu Lilongwe onse amakhala osokonezeka mofanana. Amasochera limodzi, kuseka limodzi, n'kuyamba kudziwana. M'menemo ndimo mumabadwa timagulu towerengera pamodzi, ndi ubwenzi wobwerekana buku, sopo ndi ufa. Amadziwanso magulu a mapemphero a mpingo wawo, a masewera, ndi a ana ochokera boma limodzi. Pakatha masabata awiri kapena atatu aliyense amakhala atapeza ake, ndipo wofika nthawi imeneyo amangoima pambali. Mutu umodzi susenza denga, amayi, ndipo maphunziro a kumeneko ndi denga lolemera.

Zimenezi ndaziona ndi maso. Chaka chimene mwana wanga wachisamba, wamkazi, anasankhidwa, ndalama zathu zinali zosakwana monga zimakhalira m'makomo ambiri. Bambo ake anagulitsa mbuzi ziwiri, ine ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde, ndipo anafika kusukulu tsiku lomwe anaitanidwa, ali ndi gawo chabe la fizi, thumba la ufa ndi ndowa ya nandolo. Usiku wachitatu anandiimbira foni. Anati, "Amayi, lero atiuza kuti munthu akaona kuti ndalama zikumuvuta asadikire mpaka nthawi ya mayeso, akanene msanga ku ofesi. Ndalemba dzina la ofesiyo kumapeto kwa kope langa." Chaka chachiwiri mvula inavuta, munda sunatipatse kanthu, ndipo fizi inatikanika. Mwanayo sanabwerere kumudzi. Anapita ku ofesi ija n'kufotokoza vuto lake, anamuuza zoyenera kulemba ndi kumene angapemphe thandizo, ndipo analemba mayeso pamodzi ndi anzake. Chinamupulumutsa ndi kamzere kamodzi ka m'kope, kamene anakalemba m'sabata yomweyo imene ena amati ndi yongothera ndalama.

M'chaka chomwecho mnyamata wina wa m'dera lathu, amene ku sekondale ankamuposa mwana wangayo, anasankhidwa ku sukulu ina. Kwawo anati adikire mpaka nandolo agulidwe kuti apite ndi ndalama zokwanira, pakuti sankafuna kuti mwana wawo akanyozeke pakati pa anzake. Cholinga chawo chinali chabwino. Anapita patatha masabata atatu. Anapeza anzake atapereka kale ntchito yoyamba, iye osadziwa kuti imawerengedwa. Chipinda anachipeza kutali kwambiri. Ndipo pokhala mwana wofatsa, wozolowera kukhala woyamba m'kalasi, anachita manyazi kuonetsa kuti pali zimene sakudziwa. Makolo ake akamufunsa pafoni ankangoti zonse zili bwino. Chaka chitatha anabwera ndi katundu wake yense. Sindikunena kuti masabata atatu aja ndiwo okha anamugwetsa, pakuti zogwetsa munthu zimakhala zambiri. Koma mayi ake akamakamba nkhaniyi amabwereza mawu amodzi, akuti mwana wawo sanapeze womuuza.

Ndikudziwa kuti ena mwa ana athu amabwerako n'kunena kuti sabatayo inali ya zolankhula zitalizitali, akuluakulu akusinthana pansanja iwo akuodzera. Zimenezo zimachitika, ndipo a sukulu nawonso ayenera kumva kuti mwana wa kumudzi amapindula kwambiri akamuyendetsa ndi kumuonetsa zinthu kusiyana ndi kumukhazika m'holo tsiku lonse. Komabe ndani wa ife anagwira mawu onse a anamkungwi tsiku lomwelo? Ambiri tinawakumbukira patapita zaka, zinthu zitatifikira, pakuti mawu a akulu akoma akagonera. Mwana sangasunge zonse, koma adzakumbukira kuti nkhani yakutiyakuti inanenedwa, ndi kuti ili ndi khomo lake. Makolo ena amaopa kuti ophunzira atsopano amazunzidwa ndi akale, monga zinkachitikira m'sukulu zogonera konko. Kuzunzana koteroko si mbali ya chilangizo. Malamulo a sukulu amakuletsa, ndipo mwana amene wamva malamulowo ndiye amadziwa kuti angathe kukana ndi kukanena.

Nanga ife tichitepo chiyani? Mayina akangotuluka, funsani tsiku lotsegulira, ndipo muliwerengere ngati tsiku la ukwati, limene silisunthidwa chifukwa choti mpunga wachepa. Pakati pa kutuluka kwa mayina ndi kutsegulira pamakhala nthawi. M'nthawi imeneyo khalani pansi ndi bambo a mwanayo ndi amalume ake, mufunse gawo la fizi limene sukulu imafuna polembetsa, muwerengere ndalama ya ulendo, ya lendi ya mwezi woyamba ndi ya chakudya, musanaganize za sutikesi yatsopano ndi phwando lotsanzikana. Ngati fizi yonse sinakwane, mwana apitebe ndi imene ilipo akafotokoze kwa eni ake, pakuti kuli bwino kukambirana uli pakhomo pawo kusiyana ndi kudandaula uli kuno ku Mwanza. Onetsetsani kuti zikalata zake zili pamodzi m'chikwama chosalowa madzi: chiphaso cha unzika, zotsatira za mayeso a Fomu 4, kalata yomuitana, ndi zina zimene sukuluyo yatchula. Anyamuke m'mamawa kuti akafike kukadali kowala, ndipo wopita kutali monga ku Bunda kapena ku Mzuzu anyamuke kutatsala tsiku.

Chilangizo cha kusukulu chisatilandenso udindo wathu. Usiku woti mawa anyamuka, azakhali ake kapena inu nomwe mukhale naye pansi, mumuuze za ulemu, za kasungidwe ka ndalama, za zibwenzi, ndi za kusaiwala kwawo. Mumuuzenso mawu amene ana athu sawamva kawirikawiri, akuti akalephera mayeso, akadwala kapena akagwa m'vuto lililonse anene msanga, simudzamutaya. Ana ambiri amabisa mavuto chifukwa choopa kukhumudwitsa mudzi wonse umene unawaimbira nthungululu. Akafika kusukuluko muimbireni foni m'sabata yoyambayo, ndipo musangofunsa kuti, "Wadya?" Mufunseni kuti, "Lero akuuzani zotani? Chipatala wachiona? Ukadwala usiku upita kuti? Munthu akalephera phunziro limodzi chimachitika n'chiyani? Mnzako amene ukuyenda naye ndi wa kuti?" Ngakhale inu munalekezera Sitandade 5, mafunso amenewa mungathe kufunsa, ndipo mwana wodziwa kuti madzulo amayi ake amufunsa amatchera khutu masana.

Mawu ena ndi a inu amayi amene mukubwerera kusukulu muli pabanja. Masiku ano aphunzitsi, anamwino ndi alembi ambiri amapita kukawonjezera maphunziro ali ndi ana kale, kudzera pa khomo la ophunzira achikulire. Kwa inu chiyeso chojomba sabata yoyamba n'chachikulu koposa, pakuti mumati ndinu akuluakulu, mwambo mukuudziwa, ndipo kunyumba kuli ana ndi abambo ofuna chisamaliro. Koma inu ndi amene mwakhalitsa osalowa m'chipinda cha mayeso, ndipo makina amene ana a lero akuwadziwa mwina kwa inu ndi achilendo. Konzani za pakhomo nthawi ikadalipo, pemphani achemwali anu kapena apongozi adzakhale ndi ana, kambiranani ndi abambo mwaulemu kuti amvetse, ndipo mukakhale pa benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa ana anu popanda manyazi.

Pomaliza, amayi, mwana wosankhidwa m'mudzi si wa nyumba imodzi. Boma lathu la Mwanza ndi laling'ono, pakuti kalembera wa mu 2018 anapeza kuti tinalipo anthu opitirira pang'ono 130,000, ndipo mwana aliyense wobwerera panjira ndi namwino, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi amene boma lino lataya. Ngati mwamva kuti mwana wa mnansi wanu wasankhidwa koma akadali pakhomo chifukwa cha ndalama ya minibasi, itengereni nkhaniyo ku gulu lanu la banki m'khonde, ku gulu la amayi la kumpingo kwanu, kapena kwa amfumu. Monga timasonkhera ufa ndi nkhuni pamaliro, tisonkherenso ulendo wa mwana ameneyu kuti akafike tsiku limene waitanidwa. Ndipo inu amene ana anu anamaliza kale maphunziro kumeneko, atumeni akacheze ndi wosankhidwa watsopanoyo asananyamuke.